Funsani za Masamu: Kodi 2,147,483,647 ndi nambala yanji, ikufuna chani m'kompyuta mwathu?

Mwezi uno mafunso onse ali pa nambala imodzi. Loyamba linachokera ku Mchinji, ndipo titangolilengeza kuti ndi lomwe tiyankhe, owerenga ena anatumiza awo pa nambala yomweyi, wina mphunzitsi, wina mwana wa sukulu, wina wokonza mafoni, wina kholo. Nde ndaona kuti ndingowayankha onse pamodzi chifukwa nambala imeneyi ili ndi nkhani ziwiri zosiyana, ina ya makompyuta ina ya masamu enieni, ndipo anthu ambiri amazisakaniza.

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza, tili ndi mamembala oposa 300. Mnyamata wina wa konkuno anatipangira kapulogalamu kolembamo mayina, midzi, makilo amene munthu wabweretsa komanso nambala ya foni yoti tizimutumizirapo ndalama. Ndinakhala masiku atatu ndikulowetsa, nambala iliyonse ndimayamba ndi 265 mmene anandiuzira. Lolemba ndikutsegula ndangoona aliyense nambala yake ndi 2147483647, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Atcheya akuti ndi akuba a pa foni atilowa, ena akuti ndi nambala ya zamizimu tisayerekeze kuiyimbira, ine tulo tasowa chifukwa ndi ndalama za anthu izi. Ndithandizeni chonde. (Mlembi wa kopaletivi, Mchinji)

YANKHO: Mayi, khazikani mtima pansi, palibe wakuba walowa ndipo palibe zamizimu. Awuzeni atcheya kuti nambala imeneyi ndi mlomo wa chidebe basi, pamene madzi amalekezera chidebe chikadzaza.

Ndikufotokozereni ndi bawo chifukwa ku Mchinji kuno palibe amene salidziwa. Bawo lili ndi mabowo 32, mizere inayi, mzere uliwonse mabowo 8. Mapulogalamu ambiri akamasunga nambala amaipatsa malo ofanana ndi amenewa, timabowo 32 tomwe amatitcha ma bit, koma kusiyana kwake nkwakuti bowo lililonse limangololedwa zinthu ziwiri, mwina muli nkhomo imodzi kapena mulibe kanthu, 1 kapena 0. Ndiye bowo lililonse lili ndi mtengo wake. Loyamba mukaikamo nkhomo ndi 1, lachiwiri ndi 2, lachitatu 4, lachinayi 8, kenako 16, 32, 64, kumangowirikiza kawiri choncho. Mukafuna kusunga 13 mumaika nkhomo mu bowo la 8, la 4 ndi la 1, ena onse kusiya opanda kanthu. Poyamba zimaoneka zochepa koma pofika bowo la nambala 31 mtengo wake wafika 1,073,741,824. Bowo lomaliza la nambala 32 silisunga mtengo ngati anzake, ntchito yake nkusonyeza ngati nambalayo ili ya pamwamba pa ziro kapena ya pansi pa ziro monga ngongole. Tsopano dzazani mabowo onse 31 aja, osasiya ngakhale limodzi, muphatikize mitengo yonse, mupeza 2,147,483,647. Mabiliyoni awiri, mamiliyoni 147, 483 sauzande ndi 647. Apo ndiye bawo ladzaza, palibenso poika.

Tsono onani nambala zomwe mumalowetsa. Nambala ya foni ya kuno ikayamba ndi 265 imakhala ndi manambala 12, kompyuta ikaiona ngati nambala yowerengera ikuona mabiliyoni 265 ndi kanthu, pomwe chidebe chake chimalekezera pa mabiliyoni awiri. Ma database ena, mapulogalamu osungiramo zolembedwa, zikatere amakana nkukuuzani kuti yakula, koma ena amangokhala chete nkulemba nambala yaikulu kwambiri yomwe angakwanitse. Zanuzo ndi zimenezo. Aliyense mwa mamembala anu anasefukira, ndipo aliyense analembedwa pa mlomo pa chidebe.

Chowawa ndichakuti nambala zenizeni zija sizinasungidwe paliponse mkatimo, musataye ndalama kwa munthu wokuuzani kuti azibweza. Bwererani ku kaundula wa papepala, ndikukhulupirira simunamutaye. Koma musanayambe kulowetsanso mumuitane mnyamata uja, musamukalipire, ambiri ophunzira kupanga mapulogalamu amagwa pomwepa kamodzi, mungomuuza kuti danga la foni alisinthe lichoke pa INT, chidebe cha ma bit 32 chija, likhale VARCHAR, ndiye kuti lizisunga ngati mawu. Amva. Nambala ya foni si nambala yowerengera, ndi dzina la foniyo, palibe tsiku mudzaphatikize foni ya wina ndi ya wina kuti mupeze totolo. Ikasungidwa ngati mawu ngakhale 0 wa kumayambiriro uja sathawa, pomwe mukanalowetsa popanda 265 zikanakwana bwinobwino mchidebemo koma ma 0 onse akanasowa.

China chimene chikundidetsa nkhawa kuposa mafoni ndi ndalama. Mumufunse kuti danga la ndalama analipanga bwanji. Opanga mapulogalamu ambiri amasunga ndalama m'matambala pothawa ma point, ndiye ngati dangalo lilinso INT malire ake ndi K21,474,836.47. Kopaletivi ya anthu 300 ikagulitsa soya nyengo imodzi K21 miliyoni imadutsa osazindikira nkomwe. Pamenepo aike BIGINT kapena DECIMAL, zidebe zokulirapo, ndipo muyese limodzi polowetsa K50 miliyoni yabodza muone ngati ikutuluka mmene mwailowetsera musanaikemo ndalama zenizeni.

FUNSO: Anzanga a ntchito, ine ndimaphunzitsa masamu fomu 1 ndi 2. Ndikuphunzitsa ma prime number mwana wina anadzutsa mkono nkunena kuti 2,147,483,647 ndi prime, anaona pa foni ya achimwene ake. Ndinamuuza kuti ndifufuza kaye. Ndayesa kugawa ndi 3, 7, 11, 13 pa kakyuleta sikugawika, koma sindingayese manambala mabiliyoni awiri. Kodi mwanayu akunena zoona? Ndipo munthu angatsimikize bwanji? (Mphunzitsi wa sekondale, Mulanje)

YANKHO: Aphunzitsi anzanga, mwanayo akunena zoona ndipo mumuyamikire pamaso pa anzake. Ndi prime, ilibe nambala ina yoigawa popanda yotsala kupatula 1 ndi iyo yomwe. Munachitanso bwino kunena kuti mufufuza kaye mmalo momukhazika pansi.

Zoyambirira mwachita kale koma ana awonetseni popanda kakyuleta. Ikuthera ndi 7, ndiye 2 ndi 5 zatuluka. Phatikizani manambala ake, 2+1+4+7+4+8+3+6+4+7, mupeza 46, ndipo 46 sagawika ndi 3, ndiye 3 ndi 9 zatulukanso. Koma kuyesa chonchi mmodzimmodzi sikutsimikiza, kumangochotsa okayikiridwa ochepa.

Simukufunika kuyesa mabiliyoni awiri, ndipo ichi ndi chinthu chomwe ana a fomu 2 angachimve bwino. Ma factor, nambala zogawa inzake popanda yotsala, amayenda awiriawiri, wamng'ono ndi wamkulu. Tengani 36, muli 2 ndi 18, 3 ndi 12, 4 ndi 9, kenako 6 ndi 6, mukadutsa 6 mukungobwereza omwewo chobwerera. Ndiye nambala iliyonse ngati ili ndi choigawa, wamng'onoyo sangadutse square root yake. Ya nambala yathuyi ili pakati pa 46,340 ndi 46,341, chifukwa 46,340 kuchulukitsa ndi 46,340 ndi 2,147,395,600 pomwe 46,341 kuchulukitsa ndi 46,341 ndi 2,147,488,281 yomwe yadutsa kale. Kuchoka pa mabiliyoni awiri tatsika kufika pa 46 sauzande. Ndipo sitiyesa onse, timangoyesa ma prime okha, omwe pansi pa malire amenewa alipo pafupifupi 4,800. Kompyuta imamaliza zimenezi musanaphethire, koma munthu wa pensulo ndi ntchito ya miyezi.

Amene anatsimikiza koyamba analibe kompyuta. Ndi Leonhard Euler, wobadwira ku Basel m'dziko la Switzerland mu 1707, ndipo mu 1772 ali ku St Petersburg ku Russia analembera kalata katswiri mnzake wa masamu Daniel Bernoulli kumuuza kuti nambala imeneyi ndi prime. Nthawi imeneyo Euler maso anali atachita khungu pafupifupi kotheratu. Ine ndikaganiza zimenezi mtima umandigunda ndithu, munthu wa zaka 65, sakuona pepala, ena akumulembera, koma masamu akuyenda m'mutu.

Nzeru yake inali yochepetsa ntchito asanaiyambe. Nambala yathuyi si yongotola pamsewu, mapangidwe ake ndi odziwika, ndi ma 2 okwana 31 kuwachulukitsa onse kenako nkuchotsapo 1. Pierre de Fermat wa ku France anali ataona kale cha m'ma 1640 kuti nambala zopangidwa chonchi sizigawika ndi aliyense, zili ndi mtundu wake wa ma factor. Chitsanzo chaching'ono choti mulembe pa bolodi ndi ichi. Ma 2 okwana 11 ndi 2,048, kuchotsa 1 ndi 2,047, ndipo 2,047 ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Taonani 23 ndi 22 kuphatikiza 1, 89 ndi 88 kuphatikiza 1, ndipo 22 ndi 88 onse ali mu tebulo la 22, lomwe ndi 11 kawiri. Si mwangozi. Ndiye kwa 31, choigawa chilichonse chiyenera kukhala nambala ya mu tebulo la 62 kuphatikiza 1. Euler anawonjezerapo lamulo lina, loti choigawacho mukachigawa ndi 8 yotsala ikhale 1 kapena 7. Malamulo awiriwa mukawalumikiza mumatsala ndi nambala za mu tebulo la 248 kuphatikiza 1, kapena kuphatikiza 63, basi. Zoterezi pansi pa 46,340 sizidutsa 372, ndipo zambiri mwa izo si ma prime nkomwe ndiye zimadumphidwa. Prime woyamba woti ayesedwe ndi 311. Apatseni ana agawe ndi long division, apeza 6,905,092 yotsala 35. Akatero agwira ndi manja awo ntchito yomwe inagwiridwa mu 1772, ndipo amva kulemera kwake.

Masiku ano pali njira yachidule kuposa pamenepa ya nambala za mtundu umenewu, inayambidwa ndi Édouard Lucas m'ma 1870 ndipo Derrick Lehmer anaikonza m'ma 1930. Mumayamba ndi 4, kumuchulukitsa yekha, kuchotsa 2, kugawa ndi nambala yomwe mukuiyesa nkusunga yotsala yokha, kenako kubwereza. Yesani ndi 31 amene ndi ma 2 asanu kuchotsa 1. Kuchokera pa 4 mupeza 14. Kenako 14 kuchulukitsa ndi 14 ndi 196, kuchotsa 2 ndi 194, kugawa ndi 31 yotsala 8. Kenako 64 kuchotsa 2 ndi 62, kugawa ndi 31 yotsala 0. Maulendo atatu, omwe ndi 5 kuchotsa 2, mwafika pa ziro, ndiye 31 ndi prime. Kwa 2,147,483,647 maulendo ake ndi 29 okha ndipo yotsala yomaliza ndi ziro. Chifukwa chake njirayi imagwira ndi nkhani ya ku yunivesite, koma kuigwiritsa ntchito mwana wa fomu 2 atha.

FUNSO: Madala, ndili fomu 4 ndipo masamu ndimawakonda heve. Kusukulu timangomva za even, odd, prime ndi composite, kodi magulu a manambala ndi omwewa basi? Nanga iyi ya 2,147,483,647 ikulowa m'magulu angati? (Wophunzira, Ndirande)

YANKHO: Mwana wanga, magulu alipo ambiri zedi, omwe mumaphunzirawo ndi pakhomo chabe. Nambala ili ngati munthu, yemweyo ndi wa mfunda wakuti, wa mudzi wakuti, wa mpingo wakuti, wa timu yakuti. Ndipo chomwe chimaiika nambala m'gulu si kukula kwake, ndi mmene imagawikira ndi mmene inapangidwira.

Yathuyi ndi odd, ndi prime, ndipo mukandandalika ma prime onse kuyambira 2, 3, 5, 7, iyi ili pa nambala 105,097,565. Choyamba chomwe ndikufuna uone ndi anansi ake. Ya pansi pake, 2,147,483,646, ndi 2 × 3 × 3 × 7 × 11 × 31 × 151 × 331, ndipo ili ndi ma factor 192. Ichi nchifukwa chake aphunzitsi a ku Mulanje aja pogawa ndi 3, ndi 7, ndi 11 amangopeza yotsala 1 nthawi zonse. Ya pamwamba pake, 2,147,483,648, mulibe china koma ma 2 okhaokha, ma factor ake 32. Pakati pa awiriwa pali yathuyi ndi ma factor awiri okha. Nyumba zitatu zoyandikana, makhalidwe osiyana kutalitali. Komanso ilibe mapasa. Ma prime ena amayenda awiri motalikirana ndi 2 yekha monga 11 ndi 13, kapena 29 ndi 31, koma iyi ukachotsa 2 ukupeza yothera ndi 5, ukaphatikiza 2 ukupeza 2,147,483,649 yomwe imagawika ndi 3. Ma prime oyandikana nayo ndi 2,147,483,629 ndi 2,147,483,659.

Mfunda wake waukulu ndi wa Mersenne. Marin Mersenne anali wansembe wa ku France, ndipo mu 1644 analemba mndandanda wa nambala za ma 2 ochulukitsidwa kuchotsa 1 zomwe iye amati ndi ma prime. Zina analasa zina anaphonya, mwachitsanzo anaikamo ya ma 2 okwana 67 yomwe si prime, nasiya ya 61 yomwe ndi prime, koma dzina linatsalira iye. M'banja limeneli oyamba ndi 3, 7, 31, 127, 8,191, 131,071, 524,287, ndipo wachisanu ndi chitatu ndi 2,147,483,647. Ona mmene akutalikirana. Ndipo pali kagulu kena kakang'ono mkati mwake. 31 uja amene tikuwerengera ma 2 naye ndi wa Mersenne, ndiye nambala yathu ndi Mersenne wobadwa kwa Mersenne, amati double Mersenne prime. Oterewa odziwika alipo anayi okha pa dziko lonse, 7, 127, iyi, ndi ina ya manambala 39 yomwe ndi ma 2 okwana 127 kuchotsa 1.

Gulu lomwe ine ndimalikonda kwambiri ndi la ma perfect number. Tenga 6, omugawa kupatula iye mwini ndi 1, 2, 3, ukaphatikiza ukupeza 6 yemweyo. Tenga 28, ali ndi 1, 2, 4, 7, 14, ukaphatikiza 28. Nambala zambiri sizitero, zina omazigawa amapitirira monga 12 amene amapereka 16, zimenezo amati abundant, zina amaperewera ndipo amati deficient. Yathuyi ndi deficient yotheratu chifukwa ili ndi 1 yekha basi. Koma ngakhale iyo ili yoperewera choncho imabereka perfect number. Euclid, katswiri wa masamu wakale, anaonetsa zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe kuti prime aliyense wa banja la Mersenne lija ukamuchulukitsa ndi theka la nambala yotsatira pake umapeza perfect. Yesa, 3 × 2 ndi 6, 7 × 4 ndi 28, 31 × 16 ndi 496, 127 × 64 ndi 8,128. Ndiye 2,147,483,647 × 1,073,741,824 ndi 2,305,843,008,139,952,128, perfect number wachisanu ndi chitatu. Ndipo nambala imeneyi ndi yomwenso ungapeze utaphatikiza 1+2+3+4 mpaka kukafika pa 2,147,483,647, chimodzimodzi mmene 1+2+3+4+5+6+7 amaperekera 28. Euler yemwe uja anadzatsimikiza kuti perfect number aliyense wa even amabadwa mwa njira imeneyi, palibe njira ina. Koma ngati alipo perfect number wa odd, mpaka lero palibe wamupeza ndipo palibe watsimikiza kuti kulibe. Funso limenelo likudikirabe munthu.

Kamodzi komaliza koti ukayese wekha. Katswiri wa masamu Lagrange anatsimikiza mu 1770 kuti nambala iliyonse ingalembedwe ngati ma square osapitirira anayi ophatikizidwa. Zambiri zimakwana ndi awiri kapena atatu, monga 13 ndi 9+4, 14 ndi 9+4+1. Koma nambala iliyonse yomwe ukaigawa ndi 8 imasiya 7 imakana, imafuna anayi onse. 7 ndi 4+1+1+1, 31 ndi 25+4+1+1, yesa ndi atatu uone ngati zitheke. Yathuyi gawa 647 yomalizayo ndi 8, yotsala 7, ndiye nayonso ili m'gulu la okana.

FUNSO: Bigi, ine ndimakonza mafoni ndi malaputopu. Ndimamva kuti 2038 makompyuta adzazima chifukwa cha nambala yomweyi, zoona kapena ndi zongoopseza ngati zija ankati makompyuta adzasokonekera polowa chaka cha 2000? (Wokonza mafoni, Mzuzu)

YANKHO: Achimwene, vutolo ndi lenileni koma si kuti zonse zidzazima. Makina ambiri amawerenga nthawi pongowerenga masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970. Masekondi 2,147,483,647 ndi zaka 68 ndi masiku ochepa, ndiye bawo lija lidzadzaza pa 19 Januwale 2038 nthawi ili 03:14:07 ya UTC, nthawi yomwe dziko lonse limayendera, kuno kwathu idzakhala ili 05:14:07 m'mawa. Sekondi yotsatira idzagwera mu bowo la nambala 32 lija, ndipo makina omwe sanakonzedwe adzaona ngati ndi 13 Disembala 1901. Mafoni ndi malaputopu ambiri a masiku ano anasamukira kale ku ma bit 64, komwe malire ndi 9,223,372,036,854,775,807, amenewo alibe nkhawa. Oopsa ndi tizipangizo takale tobisika m'makina akuluakulu tomwe palibe amatikumbukira. Zofanana nazo zinachitikapo kale, mu 2015 bungwe loona za ndege ku America la FAA linachenjeza kuti ndege ya Boeing 787 ikakhala magetsi ake ali oyaka masiku 248 osazimitsidwa, kauntala ina mu pulogalamu ya magetsi imasefukira, ndipo ukawerengera magawo 100 pa sekondi iliyonse nambala yathuyi imakwana pa masiku 248 ndi theka. Nayo YouTube mu 2014 inanena kuti yasintha kauntala yake kupita ku ma bit 64 kanema wina wa nyimbo ya ku South Korea atawonedwa mpaka kufika pa malire amenewa.

Koma dziwani kuti zoti ndi prime sizikukhudzana ndi zimenezi ngakhale pang'ono, zinangokumana. Malire a ma bit 16 ndi 32,767 yemwe ndi 7 × 31 × 151, ndipo wa ma bit 64 uja amagawika ndi 7.

FUNSO: Aphunzitsi, ndikufunsa mwaulemu, zonsezi phindu lake nchani? Mwana wanga amathera nthawi pa zoterezi mmalo mowerenga zobwera pa mayeso. (Kholo, Balaka)

YANKHO: Bambo, funso lanu ndi labwino ndipo si inu oyamba kulifunsa. Mu 1811 katswiri wa masamu wa ku England, Peter Barlow, analemba kuti perfect number wochokera pa nambala yathuyi ndiye wamkulu amene adzapezeke mpaka kale, chifukwa zinthu zake nzongosangalatsa koma zopanda ntchito, ndiye palibe angadzavutike kusaka wina. Zinatenga nthawi ndithu, 2,147,483,647 inakhala prime wamkulu wodziwika mpaka 1867. Koma anthu sanasiye. Mu 1876 Lucas anatsimikiza wa manambala 39 uja ndi manja, ndipo mu 1903 Frank Nelson Cole anaima pa msonkhano ku New York nkuonetsa pa bolodi kuti ya 67 ya Mersenne ija ndi 193,707,721 kuchulukitsa ndi 761,838,257,287.

Zopanda ntchito za Barlow zija lero ndi zimene zikulondera ndalama pa intaneti. Njira ya RSA yomwe inatuluka mu 1977 imatseka uthenga pogwiritsa ntchito ma prime awiri akuluakulu, chifukwa kuwachulukitsa nkosavuta koma kuwalekanitsa munthu atangokupatsa yankho ndi ntchito yosatheka pa moyo wa munthu. Ma prime ake masiku ano amakhala a manambala oposa 300 aliyense, yathuyi ya manambala 10 ndi khanda pamenepo. Koma nayo ili ndi ntchito yake, mu 1988 Stephen Park ndi Keith Miller analimbikitsa njira yopangira manambala ooneka ngati a maere m'kompyuta, pochulukitsa ndi 16,807 nkugawa ndi 2,147,483,647, ndipo imayenda bwino chifukwa nambalayi ndi prime. Apa ndiye pamene nkhani ziwiri zija zimagwirana chanza, ndi prime komanso ikukwana ndendende m'mabowo 31.

Za mwana wanu ndinena mosabisa, musamuletse. Mugawireni nthawi, ya mayeso ikhalepo chifukwa MSCE sidikira munthu, koma mwana amene akuchita kusaka yekha ma factor ndi ma index popanda womutuma ndiye amene mafunso a indices ndi HCF samamuvuta. Ngati pakhomo pali laputopu yomwe imakhala yoyaka, mumuuze za GIMPS, gulu lomwe George Woltman anayambitsa mu 1996, aliyense amatha kutenga pulogalamu yawo mwaulere nkuthandiza kusaka pogwiritsa ntchito njira ya Lucas ndi Lehmer ija pamodzi ndi zina zatsopano. Kudzera m'gulu limeneli, mu Okutobala 2024 Luke Durant anapeza wa nambala 52 mwa odziwika m'banja la Mersenne, ma 2 okwana 136,279,841 kuchotsa 1. Ali ndi manambala 41,024,320, mwana wanuyo atati awalembe mu kope, nambala imodzi pa sekondi usana ndi usiku osapuma, angamalize patatha chaka ndi miyezi pafupifupi inayi.